Musanachoke pa ejensi yokayikitsa ya inshuwalansi

Ngati mwangoyamba kumene kugulitsa inshuwalansi ndipo mwaona kuti ejensi yanu (bizinesi yogulitsa inshuwalansi m'malo mwa kampani ya inshuwalansi) ikusunga ndalama za makasitomala osazipereka ku kampaniyo, kapena ikukuuzani kuti muzilonjeza anthu zinthu zomwe mulibe m'mapepala, kuchoka n'koyenera. Koma musachoke mwaphuma.

Yambani mwawerenganso kontrakiti yanu, makamaka pa nkhani ya komishoni. Kasitomala akasiya kulipira m'miyezi yoyambirira, makampani ambiri amafuna kuti mubweze komishoni yomwe munalandira kale, ndipo ngongole imeneyo imakutsatani ngakhale mutachoka. Apa ndi pomwe atsopano ambiri amalira. Pemphani ku ejensi kalata yosonyeza ndalama zomwe akusungirani ndi zomwe akuti mubweze. Onaninso ngati m'kontrakitimo muli ndime yokuletsani kukopa makasitomala akale kwa nthawi yakutiyakuti.

Mndandanda wa makasitomala a ejensi musautenge. Ndi mlandu wongodziputira.

Ngati mukufuna kupitiriza ntchitoyi mukachoka, tsimikizani kuti laisensi yogulitsira inshuwalansi ili m'dzina lanu, ndipo musagulitse kanthu musanasainirane mgwirizano ndi kampani ya inshuwalansi. Ndalama za kasitomala zizipita ku kampani mwachindunji, zisagone m'thumba mwanu ngakhale usiku umodzi. Komishoni yoyamba imachedwa kubwera, choncho sungiranitu ndalama zokwanira miyezi ingapo.