Mpukutu wa m'zithunzi zakale: momwe mungakonzere tsitsi lambiri lokana kumangika

Pali msinkhu wina wa tsitsi umene umatopetsa. Lapitirira pa afro yoima yokha, koma mukati mulisonkhanitse kunkhongo likukana, kamphira kakuduka, lina likuthawira m'mbali. Langa lili pamenepo. Ndikalikoka limafika pachibwano, ndikalisiya limabwerera m'makutu. Ndi lambirinso, lija ku saluni amayamba aligwiragwira kaye asanatchule mtengo.

Kunyumba kwa mayi anga kuno ku Dedza kuli chithunzi cha azakhali cha m'ma 1970, nthawi ija akazi sankaloledwa kuvala thalauza kapena siketi yaifupi. Atchena chilundu, tsitsi lakutsogolo alipinda ngati mpukutu, lakumbuyo alilowetsa mkati, khosi lonse lili poyera. Pa TikTok mupeza zofananako akuzitcha victory rolls, sitayilo ya akazi a ku America ndi ku Britain ya m'ma 1940. A pa TikTok amenewo amadalira marola ndi zopopera. Tsitsi lathuli limafuna liyambe lawongoledwa, ndipo njira imene azakhali anandiphunzitsa ndi ya ulusi, yosafuna magetsi kapena mankhwala.

Zofunika ndi zochepa: ulusi wakuda womangira tsitsi, chipeso cha mano akuluakulu, chipeso chamchira chogawira mizere, mapini osachepera 20, mafuta a nsatsi kapena Vaseline pang'ono, ndi duku loterera. Pa mapini ndiimepo. Ena amene amagulitsidwa pansi m'misika, omangidwa ndi kamphira, amakhala opanda timitu tija ta kunsonga. Amakala pamutu, amadula tsitsi, ndipo akangonyowa kamodzi achita dzimbiri. Ndinagulapo kwa mnyamata wina amene analumbira kuti ndi ochokera ku Joni, koma kutsegula pini imodzi yokha inakhala chiyasamire osabwereranso. Musanalipire, tsegulani imodzi muone ngati ikubwerera. Akakana kuti muyese, siyani. Mafuta othiridwa m'botolo la mankhwala ena, opanda chizindikiro, ndinawasiyanso, ngakhale atsike mtengo chotani.

Tsukani tsitsi monga mumachitira. Lipukuteni ndi tisheti yakale, kenaka mulisiye kaye mphepo ilipite mpaka likhale lachinyezi chabe. Ligaweni zigawo. Kwa ife a tsitsi lambiri zigawo zisachepere 12, ndipo zapakati pamutu zikhale zazing'ono kuposa zam'mbali chifukwa ndi pamene pali nkhalango. Pesani chigawo chilichonse kuyambira kunsonga kutsikira kutsinde, pakani mafuta a kunsonga kwa chala, ndiye muzungulize ulusi kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, n'kumanga mfundo. Zigawo zakutsogolo muzimange zitaweramira kuchipumi, zam'mbali ziloze kumbuyo. Tsitsi limasunga mbali imene laumira. Kutsinde musakoke mpaka nsidze kukwera m'mwamba. Mukaona timatuza m'mphepete mwa chipumi, masulani nthawi yomweyo, tsitsi la pamenepo likathothoka limavuta kubwerera.

Tsopano pamene ndinagwa ine.

Unali mwezi wa July, kuli chinkhoswe cha msuweni wanga ku Bembeke. Amene amakhala kuno akudziwa mmene kumazizirira nthawi imeneyo, nkhungu itakuta phiri la Dedza mpaka dzuwa kuoneka mochedwa. Ndinatsuka tsitsi Lachisanu madzulo nditaweruka. Chifukwa chofulumira ndinalimanga likudontha madzi. Ulusi unali utandithera, ndiye ndinatenga wulu wolukira majuzi, n'kuuzunguliza mothinana osasiya mpata, poganiza kuti liwongoka bwino. Pogona ndinamanga duku, pamwamba chipewa, chifukwa cha kuzizira. Apa ndinalakwa katatu usiku umodzi. Wulu amasunga madzi, kuzunguliza kothinana kumatseka mpweya, ndipo duku ndi chipewa zinamaliza zonse.

M'mawa nditamasula, tsitsi linaoneka lalitali, lofewa, lomvera. Linali lozizira m'manja, koma ndinati ndi nyengo. Ndinawonjezeranso giliserini kuti liwale. Mpukutu unakhala bwino kwabasi, moti ndinadzijambula ndisanatuluke. Tinafika ku Bembeke nkhungu isanachoke. Mmene ankhoswe amapatsana tambala ndi msoti, ndinamva pini ikugwera paphewa. Kenaka ina. Tsitsi linali likubwerera pang'onopang'ono, mpukutu ukufota, mapini atatuluka mbali zonse ngati nungu. Azakhali, eni sitayilo, anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Iwe, wamasula lisanaume eti?"

"Linauma, azakhali."

Anapisa chala pakati pamutu n'kundigwiritsa patsaya. Chinali chonyowa. "Tenga duku ili umange, akuchimuna asatiseke."

Zithunzi zonse za tsiku limenelo ndili m'duku la eni, losagwirizana ndi chitenje chimene tinasoketsa.

Chimene chimachitika n'chakuti tsitsi limagwira maonekedwe atsopano pouma, ndipo madzi akalowanso limabwerera mmene linabadwira. Ngati mkati mwa chigawo mwatsala chinyezi, ndiye kuti ntchito sinathe, ngakhale kunja kuoneke kouma. Giliserini naye amakoka chinyezi cha mumpweya, choncho kumupaka tsiku la nkhungu kuli ngati kuitana madzi. Musungireni masiku ena.

Panopa ndimachita chonchi. Mwambo ukakhala Loweruka m'miyezi ya June ndi July, ndimamanga Lachinayi m'mawa kapena Lachitatu madzulo, tsitsi ligone mu ulusi masiku awiri. Mu October tsiku limodzi limakwana. Pozunguliza ndimasiya timipata toti tsitsi lizionekera. Masana ndimakhala padzuwa mutu uli pamtunda, kusankha nyemba kapena kuchapa, duku ndimamanga pokhapokha ndikutuluka pageti. Ndisanamasule zonse ndimayamba ndi chigawo chimodzi chapakati pamutu, chonenepa kuposa zonse, n'kuchigunditsa patsaya kapena pamlomo. Zala zimanama kukazizira, tsaya silinama. Chikamveka chozizirira, ndimachimanganso. Wina anandiuza kuti ndiziwotha mbaula kuti liume msanga. Ndinayesa, tsitsi linanunkha utsi sabata yathunthu, komanso makala m'nyumba yotseka mawindo amapha. Ngati nthawi yatha, pitani ku saluni mukakhale mu dulaya ulusi uli m'mutu. Amalipiritsa pang'ono kusiyana ndi kukonzetsa mutu wonse, bola magetsi akhalepo, ndipo mugwirizane mtengo musanakhale pampando.

Likauma, zotsalazo sizivuta. Dulani mfundo yokha, ulusi usomoke wokha, ndipo muusunge chifukwa umagwiranso ntchito. Musapese ndi chipeso chaching'ono. Zala ndi chipeso chachikulu basi, kungolumikiza zigawo kuti mizere isaoneke.

Patulani tsitsi lakutsogolo, kuchokera pamwamba pa nsidze imodzi kukafika pa inzake, kulowa mkati ngati zala zinayi. Ligwireni kunsonga, mulikweze, mulikulunge pa zala ziwiri kubwerera kumbuyo mpaka mpukutu ukhale pamutu. Tulutsani zala, lowetsani mapini mkati mwa mpukutu mbali zonse ziwiri. Mapini awiri azipingasana, mbali yamabampu ili pansi. Pini yoyenda yokha m'tsitsi lambiri imatuluka. Ine ndimakonda mpukutu wopendekera kumanzere, wapakatikati umandionetsa ngati ndasenza buledi. Ubwino wa tsitsi lathuli ndi wakuti silifuna chodzazira mkati, limadzikhutitsa lokha.

Zam'mbali, potokolani chigawo chilichonse kuchokera pakhutu kulowera kunkhongo, mupanike ndi mapini. Kumbuyo n'kumene kufupika kumaonekera. Musalimbane n'kulipinda lonse kamodzi, silingalole. Ligaweni patatu, chigawo chilichonse muchipindire m'mwamba n'kulowetsa nsonga mkati, kenaka musendeze ndi zala kuti zitatuzo zikhale ngati mpukutu umodzi. Likafupikitsitsa, dulani sokosi yakuda yakale, muikemo zotsala za meshi, muigoneke kunkhongo ndi mapini, tsitsi liphimbe pamwamba. Palibe amene adzadziwe.

Timatsitsi ta m'khosi totsalira, ine ndimatisiya. Ena amatiluka timizere tiwiri tokwera. Jelo wambiri ayi, ali ndi madzi, abweza zonse zimene mwavutikira. Mangani duku loterera mphindi 10 pamene mukuvala, muchotse. Pamene pakuoneka pini, bisani ndi kaduwa kosokedwa ndi nsalu yotsala ya chitenje chanu, atelala amakupatsani ulere mukawapempha bwino.

Usiku gonani ndi duku lomwelo, m'mawa mungokonza mapini. Kwa ine sitayiloyi imakhala masiku atatu. Ngati mukukwera kabaza wa njinga yamoto m'mawa kuli nkhungu, fundani mutu mpaka mukafike, ndipo m'chikwama musasowe mapini ena asanu.