Komwe masupuni athu ankathera

Mwana wanga ali ndi zaka ziwiri ndi theka, masupuni anayamba kusowa m'nyumba. Ndinkangoti amatayika potsuka mbale, mpaka chipande nachonso chinasowa, kenako nsapato imodzi ya bambo ake.

Tsiku lina m'mawa ndinamulondola mwakachetechete. Anatenga supuni yomwe amadyera phala, ulendo wa kuchimbudzi chathu chokumba. Anagwada pabowo, n'kuiponyamo, atamva yagwa anawomba m'manja. Nditamufunsa anati, "Amama, dzenje lili ndi njala." Ndinaseka ndithu, koma mtima unali phaphapha poganiza kuti kamwendo kake kakanatha kulowa momwemo.

Madzulo omwewo bambo ake anakhoma loko pamwamba pa chitseko, poti iye sangafikire, bowolo tinalivundikira ndi thabwa lolemera lokhala ndi chogwirira.

Kungomuletsa sikukanathandiza, chifukwa chomwe chinkamusangalatsa ndi kaphokoso kaja. Ndinamupatsa ndowa yakale yachitsulo, yopanda madzi, ndi zitsononkho za chimanga. Tsopano m'mawa uliwonse amakhala pakhonde n'kumaponyamo chimodzichimodzi, akuti akudyetsa dzenje lake. Ikadzaza amaikhuthula n'kuyambiranso.