Musanagule turbo ina, pimani kaye galimoto ndi kamakina ka OBD2

Magalimoto ambiri a turbo amene ali m'misewu yathu anabwera atagwira kale ntchito ku Japan, ku UK kapena ku South Africa: ma Hilux a D-4D, ma Navara, ma Subaru Forester, ma Golf a TSI. Ikangoyamba kufooka pachitunda n'kumafuka utsi wakuda, kugalaji amathamangira kunena kuti turbo yafa. Kawirikawiri turbo imakhala ilibe mlandu, ndipo kompyuta ya galimotoyo imakhala itasunga kale pamene pavuta. Chofunika n'kuifunsa.

Pezani kamakina ka OBD2 kotchedwa ELM327 ka Bluetooth, kowerenga zimene kompyuta ya galimoto yasunga, ndipo mufoni muike pulogalamu ya Torque kapena Car Scanner. Mtengo wake sufika n'komwe pa thanki imodzi ya dizilo. Koma samalani, tambiri totchipa tolembedwa v2.1 timangoyaka magetsi osawerenga kanthu. Wogulitsa akakana kuti muyese pagalimoto yanu musanalipire, musiyireni katundu wake.

Polumikizira pake pali timabowo 16, pansi pa chiwongolero. Lowetsani, tembenuzani kiyi osaliza injini, lumikizani ndi foni. OBD2, njira yolankhulirana ndi kompyuta ya galimoto, inakhala lamulo ku America mu 1996, ku Ulaya mu 2001 pa magalimoto a petulo ndi 2004 pa a dizilo, koma ena akale opangidwira msika wa ku Japan salankhula ndi kamakina wamba. Ikakana, mu Car Scanner sankhani dzina la galimoto yanu m'malo molola pulogalamu kudzisakira yokha.

Werengani makodi, manambala osonyeza vuto limene kompyuta yapeza, muwalembe papepala pamodzi ndi freeze frame, imene imasonyeza liwiro ndi rpm pa nthawi imene vuto linachitika. Musafufute. Pali amakanika ena amene ntchito yawo ndi kuzimitsa kagetsi ka check engine n'kulandira ndalama, mawa lake kayakanso.

Kodi imene imadyetsa anthu ndalama ndi P0299. Imangonena kuti mpweya wolowa mu injini ndi wochepa poyerekeza ndi umene kompyuta ikufuna. Sinena kuti turbo yafa. Galimoto yanga itaonetsa kodi imeneyi, galaji ina inali itandipezera kale turbo ya pagalimoto yangozi, yopanda chitsimikizo chilichonse, pa mtengo woti munthu ukagulitse mbuzi zonse.

Musanavomere zotere, tsegulani live data, pamene pamaoneka manambala a injini a nthawi yomweyo, mupeze MAP, yomwe ndi mphamvu ya mpweya wolowa. Injini ili chete, nambalayo iyenera kufanana ndi mpweya wa kumene muli: kunyanja yamchere ndi 101 kPa, ku Lilongwe ndi ku Blantyre cha m'ma 90 chifukwa ndi kokwera, ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuyandikira 100. Ikaonetsa zotalikirana ndi izi, sensa ndiyo yakutidwa ndi mwaye kapena yatha, ndipo zonse zimene kompyuta ikuwerengera n'zabodza. Mukaliza injini, ya dizilo imakhala chapomwepo, ya petulo imatsika kwambiri. Musadabwe nazo.

Kenako pitani pachitunda chachitali, wina akugwirireni foni, inu maso pamsewu. Ikani giya yachitatu, pondani mafuta kuyambira cha pa 1,500 rpm mpaka 3,000. Pa ma dizilo ambiri a mtundu uwu nambala imakwera mosadukiza kuyandikira 200 kPa. Pagalimoto yanga nambalayo inkakwera pang'ono n'kuima, uku kukumveka kamluzu kutsogolo. Titatsegula boneti sitinaone kanthu, chifukwa paipi ya labala yopita ku intercooler, choziziritsira mpweya wochokera mu turbo, inang'ambika chakunsi, ndipo mng'aluwo umatseguka pokhapokha mpweya ukakankha. Chinatiululira ndi oyilo wonyowetsa fumbi pamalopo. Choncho pisani dzanja, finyani paipi iliyonse injini itazizira, yang'anani makilampu ndi timapaipi ting'onoting'ono ta vacuum. Nambala ikapanda kukwera n'komwe, onani ngati kamtengo ka actuator, kowongolera mphamvu ya turbo, kakuyenda. Turbo muziikayikira pomaliza, makamaka ngati ikulira ngati sayirini, ikutulutsa utsi wa buluu, kapena shafiti yake ikugwedera mpaka kukhudza m'mbali.

Zina zija n'zachidule. P0234 ndi mpweya wopyola muyeso, nthawi zambiri wastegate (kachitseko kolambalalitsa utsi pa turbo) kapena mapiko a m'kati mwa turbo akakamira ndi mwaye, ndipo galimoto imadzichepetsa mphamvu yokha kuti injini isaonongeke. P0101 ndi sensa ya MAF, yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa: fumbi lathuli, tsukani ndi mankhwala ake enieni, osati petulo, musinthenso air filter. P0401 ndi EGR, njira yobwezera utsi wina mu injini, yotsekeka.

Mukakonza, apo ndiye fufutani makodi, bwererani pachitunda chomwe chija muone ngati nambala yasintha. Pofika kunyumba zulani kamakinako, chifukwa polumikizira paja pamakhala moto ngakhale kiyi mwachotsa, ndipo galimoto ikaima masiku angapo kamatha batire.