Kadyetsedwe ka nsomba zatsopano m'thanki

Ma neon tetra, tinsomba tating'ono tokongola toweta m'thanki yagalasi, musagule awiri okha, ayi. Ndi nsomba zoyenda pagulu. Gulani 6 kapena kuposerapo, kupanda kutero azingobisala kuseri kwa miyala.

Mukafika nawo pakhomo, yandamitsani thumba lawo m'thankimo mphindi 20 musanawatulutse, getsi lili chozima. Tsiku loyamba musawadyetse. Akatuwa n'kuunjikana pakona, ndi mantha chabe.

Mawa lake tsinani chakudya pang'ono, muchifikise ndi zala poti pakamwa pawo m'pang'ono. Chizitha m'mphindi 2. Chotsala chimaola n'kuipitsa madzi, ine ndimachikoka ndi kapaipi.

Kuno ku Zomba kumazizira mu Juni ndi Julaye, makamaka m'tsinde mwa phiri. Ikani hita ya m'thanki, madzi akhale pa madigiri 24, chifukwa akazizidwa safuna kudya.