Momwe mungachitire mukamakhala ndi munthu wodzikonda mopyola muyeso kapena wopanda chisoni

Pa Facebook masiku ano aliyense wothetsa chibwenzi kapena wozemba ngongole akutchedwa narcissist (wodzikonda mopyola muyeso) kapena psychopath (wopanda chisoni). Kupereka dzina la matenda ndi ntchito ya dokotala. Inu amene mukugona naye nyumba imodzi ku Ndirande kapena kugwira naye ntchito ku Limbe, yanu ndi kuzindikira khalidwelo ndi kudziteteza.

Yambani ndi kudziwa kusiyana kwake. Narcissistic personality disorder inalowa m'buku la madokotala a maganizo a ku America lotchedwa DSM mu 1980. Buku la 2013 lili ndi zizindikiro 9, ndipo munthu ayenera kukhala ndi zosachepera 5, monga kudziona wapamwamba, ludzu lofuna kutamandidwa, kudyera anzake masuku pamutu ndi kusalabadira zowawa za ena. Mukamudzudzula pang'ono amapsa mtima koopsa, chifukwa pansi pa matamawo pali mtima wosalimba. Psychopathy ndi ina. Katswiri wa ku Canada, Robert Hare, anakonza muyeso wotchedwa PCL-R wa mfundo 20, iliyonse yopatsidwa 0, 1 kapena 2. Zonse pamodzi zimafika 40, ndipo ku America wopeza 30 kapena kuposa ndiye amamuona ngati psychopath. Muyesowu umayang'ana pakamwa pokoma, bodza, kusadziimba mlandu ndi kuchita zinthu mosaganizira mawa. Akatswiri amati anthu otere alipo pafupifupi mmodzi pa 100 aliwonse. Ambiri si zigawenga zakupha, komanso si amisala: amadziwa bwino zimene akuchita.

Chachiwiri, onani zimene zimabwerezedwa. Tonsefe timadzikonda tsiku lina, ndipo mwamuna wolusa chifukwa ntchito yatha si psychopath. Funso ndi lakuti, kodi amachita zomwezo kwa zaka, kunyumba, kuntchito ndi kumpingo komwe? Akalakwa amapepesa n'kusintha, kapena mlandu umatembenuka mpaka wopepesa n'kukhala inuyo? Lembani tsiku ndi zimene zachitika m'kabuku kapena pafoni yomwe iye satsegula. Anthu otere amakana zinthu zimene ananena dzulo lomweli, mpaka mumayamba kukayikira mutu wanu womwe. Kabukuko kadzakukumbutsani.

Chachitatu, tsekani thumba. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money ikhale yanu nokha. Musamutengere ngongole kubanki m'khonde m'dzina lanu, ngakhale alire misozi, chifukwa tsiku lobweza amayi a gulu adzagogoda pakhomo panu. Chiphaso cha unzika, mapepala a malo ndi masatifiketi a ana zisungitseni kwa m'bale wodalirika.

Chachinayi, chepetsani mawu. Musamuuze kuti “iwe ndiwe narcissist”, mungoputa moto. Nenani malire anu mwachidule, monga “Mukayamba kutukwana ndituluka”, ndipo akatukwana tulukanidi. Kufotokoza kwambiri kumangomupatsa pogwira.

Chachisanu ndi cha ankhoswe, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi. Pabwalo munthuyu amakhala waulemu, amagwada, amaseketsa amalume, mwinanso ndiye wotsogolera nyimbo kutchalitchi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inu mukafika mukulira ndi kulankhula mosalongosoka, amene amaoneka wovuta ndinu, ndipo mumabwerako ndi mawu aja akuti banja ndi kupirira. Choncho kumanani kaye ndi nkhoswe yanu panokha, muionetse mameseji ndi zimene munalemba. Ine ndimaona kuti ankhoswe amathandiza kwambiri pa mikangano ya anthu awiri ofuna kumvana, koma pamene mmodzi akungosewera ndi bwalo, kukhalirana pansi kachisanu sikusintha kanthu. Musalolenso kuti akudulitseni kwa abale ndi anzanu, poti munthu wotsala yekha savuta kumulamulira.

Pakakhala kumenya, kuopseza kapena kulanda ndalama, nkhani yachoka m'manja mwa ankhoswe. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera nkhanza za m'maganizo ndi zachuma, osati zibakera zokha, ndipo khoti likhoza kupereka chiletso chokutetezani. Pitani ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi, kapena ku One Stop Centre ya pachipatala cha Gulupu. Nambala yaulere ya 5600 ndi ya nkhanza zotere, 116 ndi ya ana. Ngati mwaganiza zochoka, konzani mwakachetechete kopita ndi ndalama ya minibasi, musalengeze, chifukwa nthawi yosiyana ndi imene ngozi imakula.

Nanga munthuyo angachire? Palibe piritsi lochotsa khalidwe lotere. Chithandizo chake ndi kukambirana ndi katswiri wa maganizo kwa nthawi yaitali, ndipo chimayenda pokhapokha mwiniwake atavomera kuti pali vuto, zomwe sizichitika kawirikawiri. Inu ngati tulo tasowa, mtima ukungogunda ndipo chakudya sichikulowa, pitani kuchipatala chapafupi mukafotokoze. Akaona kuti m'pofunika adzakutumizani kwa a zamaganizo ku Gulupu.