Musanagule kapeti yolukidwa pamanja, yambani mwaitembenuza

Mwezi wa Juni ukafika kuno ku Harare, phazi ndi limene limayamba kudziwa. Mzinda uno uli pamalo okwera pafupifupi mamita 1,500, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi simenti ya m'nyumba zathu za ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku imazizira ngati mwala wa kumtsinje. Ndi nyengo imene ambiri timaganiza zoyala kanthu pansi, kuti ana asamakhale pasimenti komanso kuti agogo akadzuka m'mawa aziponda pofunda. Poyendera makomo ndaona makapeti ndi mikeka yokongola, yolukidwa ndi manja a anthu aluso, itatha ntchito chaka chisanathe. Eni ake amadandaula kuti anawagulitsa chinthu chachabechabe. Koma ndikapempha kuti tinyamule ngodya imodzi tione kunsi, chimene chinalakwika timachipeza komweko. N'chifukwa chake ndimati pogula muzitembenuza, ndipo mukakayala kunyumba musaleke kunyamula n'kumaona pansi pake.

Choyamba dziwani chimene mwagwira m'manja. Mphasa ya bango ndi mkeka wa mlaza tonse timazidziwa kuchokera kumudzi, ndipo makolo athu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale sanasiye kugonapo ndi kulandirirapo alendo. Anzathu olankhula Chishona mphasa amaitcha rupasa, ndipo ku msika waukulu wa Mbare Musika simungavutike kuipeza. Kulinso zoyala za khonje, zolimba kwambiri koma zokhakhala kuphazi. Amene munayendapo msewu wodutsa pa Birchenough Bridge ndi ku Nyanyadzi, kum'mawa kwa Zimbabwe, munaona mikeka yamawangamawanga itapachikidwa m'mbali mwa msewu. Imeneyo amaluka ndi luzi lochokera ku makungwa a mlambe, ndipo ina imafika kuno mumzinda. Mlambe umameranso khungwa ukasendedwa pang'ono, koma ukasendedwa mobwerezabwereza umadwala, choncho ine ndimakonda kuti munthu agule mkeka umodzi n'kuusamala zaka zambiri kusiyana n'kumagula wina chaka ndi chaka.

Palinso makapeti a nsanza, amene amayi amaluka ndi timizere ta nsalu totsala kwa atelala, kapena kumangirira pa thumba la ufa kapena la feteleza. Musawapeputse. M'nyumba ya ana ang'onoang'ono palibe choposa amenewa, chifukwa amachapika ngati chovala. Omaliza ndi makapeti a ubweya wa nkhosa, ofunda kuposa onse, okwera mtengo kuposa onse, amenenso anthu amanamizidwa nawo kwambiri.

Wogulitsa aliyense adzakuuzani kuti yake ndi yapamanja ndipo ndi ubweya weniweni. Musakangane naye. Mpempheni mwaulemu kuti, “Bambo, ndiloleni ndione kumbuyo kwake.” Kapeti yomangidwa mfundo pamanja, monga zija zochokera ku Iran, Turkey, Pakistan ndi Afghanistan, maluwa ake amaoneka kumbuyo monga momwe akuonekera kutsogolo, ndipo mfundo zake mukhoza kuziwerenga imodziimodzi. Sizifanana ndendende: ina yakulirapo, mzere wina wakhota pang'ono. Kukhotako si chilema, ndi umboni woti panadutsa dzanja la munthu. Yopangidwa ndi makina kumbuyo kwake kumakhala kofanana paliponse ngati pepala la masamu. Onaninso mphonje za kumapeto. Pa kapeti yapamanja mphonje ndi nsonga za ulusi womwewo umene kapeti yonse yalukidwapo, pamene pa yamakina mphonje amachita kusokerera pambuyo pake, ndipo msoko wake umaoneka.

Ilipo ina ya pakatikati imene imasokoneza ambiri. Kutsogolo ndi ubweya wonenepa bwino, koma mukatembenuza mupeza nsalu yamatidwa kumbuyo konse. Imeneyi ubweya wake anachita kuubaya pansalu n'kuugwiritsa ndi guluu. Si yoipa, koma guluuyo akakalamba amayamba kuyoyoka ngati ufa, ndipo simungaiviike m'madzi. Iguleni mukudziwa, pa mtengo woyenera, osati pa mtengo wa kapeti ya mfundo.

Ngati mukukayika za ubweya, pemphani kaulusi kamodzi kochokera m'mphepete, mukayatse ndi machesi panja. Ubweya wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopserera, umazima wokha, ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalifinya ndi zala. Wa pulasitiki umasungunuka n'kuuma kukhala kampira kolimba. Wa thonje umayaka ngati pepala. Tenganinso kansalu koyera konyowa, mupukute nako pamene pali utoto wofiira kapena wabuluu. Kansaluko kakatenga mtundu, dziwani kuti tsiku limene mwana adzatayirepo madzi, utotowo udzalowerera m'malo oyera.

Pa mkeka ndi mphasa, kunsi n'kumene woluka amabisa zolumikiza. Onani ngati nsonga za luzi zalowetsedwa bwino kapena zangodulidwa n'kusiyidwa. Kwezani mkekawo moyang'anitsa kudzuwa: ukamaonetsa kuwala m'mipata yambiri, unalukidwa mothamanga. Gwirani m'mphepete mukoke pang'ono, pakuti mkeka umayamba kumasuka kuchokera m'mbali. Nunkhizaninso. Fungo la nguwi likakhalapo pamsika, kunyumba silidzachoka. Ndipo mukapeza ntchito yabwino, chonde musamuphe mtengo woluka. Kutola mlaza kapena kusenda luzi, kuwiritsa utoto, kupota ndi kuluka zimadya masiku ambiri a munthu.

Tsopano tafika kunyumba, ndipo apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo. Nyumba zambiri mumzinda muno zinamangidwa m'madambo kapena pafupi nawo, ndipo mvula ikagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, chinyezi chimakwera kudzera m'simenti ngakhale pamwamba pakuoneka pouma. Pansi pakakhala posayala kanthu, chinyezicho chimauluka osadziwika. Mukayalapo kapeti, mwachitsekera njira. Ndinafika pa khomo lina ku Budiriro kumene mayi wina anayala mkeka wa mlambe pabalaza n'kuikapo tebulo ndi mipando, osausunthanso dzinja lonse. Pamwamba unali wokongola ngati watsopano. Titaunyamula, kunsi kunali kwakuda bii ndi nguwi, ndipo luzi linkaduka ndi chala. Mayiyo anagwetsa misozi, chifukwa unali mphatso yochokera kwa mwana wawo.

Pali njira yosavuta yoyesera pansi panu musanayale. Dulani pepala la pulasitiki lotalika theka la mita mbali zonse, muliyale pasimenti, mumate m'mbali monse ndi tepi kuti mpweya usalowe, mulisiye usiku ndi usana. Mukamatula n'kupeza timadontho kunsi kwa pulasitikiyo, kapena simenti yada pamalopo, chipindacho chili ndi chinyezi. M'chipinda chotere musaikemo khonje, mlambe kapena ubweya m'nyengo ya mvula. Ikanimo kapeti ya nsanza kapena mphasa imene mungamaikulunge ndi kuiimika tsiku lililonse. Yesani m'dzinja, chifukwa mu Ogasiti pansi paliponse pamaoneka pouma.

China ndi polishi. Ife kuno timanyadira pansi pofiira ponyezimira, ndipo Cobra sasowa m'nyumba. Koma polishi wofiira akalowa mu ulusi satulukamo. Pamene mukufuna kuyalapo lekani kupakapo, pukutanipo bwino, kenaka muyambe mwayala chiguduli kapena bulangete lakale, kapeti ibwere pamwamba. Choyala chapansichi chimathandizanso kuti kapeti isamaterereke. Kapeti yaing'ono pa simenti yapolishi kapena pa matailosi ikhoza kugwetsa munthu wachikulire n'kumuthyola chiuno, ndiye panjira imene agogo amadutsa usiku popita kuchimbudzi musaikepo kalikonse kosagwira pansi.

Chimene chimadya kapeti tsiku ndi tsiku ndi mchenga. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mphepo imalowetsa fumbi paliponse, ndipo kwa inu a ku Epworth ndi Chitungwiza kumene dothi ndi lamchenga vutoli ndi lalikulu. Timchenga timatsikira pansi pa ulusi, ndipo aliyense akaponda timacheka ulusiwo pang'onopang'ono ngati tupa. Kusesa pamwamba kokha sikutichotsa. Kamodzi pa sabata tulutsani kapeti panja, muiyale chafufumimba pa udzu wouma kapena muipachike pa chingwe cholimba, muikunthe kumbuyo ndi ndodo yosalala mopanda ukali. Isanabwerere m'nyumba, sesani ndi kukolopa pamene inali, podikira paume. Posesa pamwamba gwiritsani tsache lofewa, motsata kumene ubweya wagonera. Nsapato zizitsala pakhomo, monga tinkachitira kale pofika pamphasa ya akuluakulu. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, zungulizani kapetiyo kuti mbali ya kukhomo ipite kukhoma, chifukwa mbali yopondedwa kwambiri ndi yowombedwa ndi dzuwa la pawindo imatha ndi kusuluka msanga.

Pakatayika tiyi, mkaka kapena msuzi, musapukute mokhula. Kukhula kumakankhira madziwo mkati ndi kukulitsa banga. Tengani nsalu yoyera youma, mudinde pamalopo mobwerezabwereza kuyambira m'mbali kulowera pakati, mpaka nsaluyo ileke kunyowa. Kenaka dindaninso ndi madzi ozizira okhala ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale. Magazi, mkaka ndi dzira zimafuna madzi ozizira okhaokha, pakuti otentha amaziphikira mu ulusi. Mwana akakodzerapo, sakanizani viniga woyera ndi madzi muyezo wofanana, mudinde nazo, ndipo muikepo chinthu kunsi kuti mphepo idutse mbali zonse ziwiri. Pa mafuta thirani ufa woyera kapena soda, musiye usiku wonse, m'mawa musese. Matope asiyeni aume kaye. Magetsi akazima timayatsa makandulo, ndipo phula lake likadonthera, lidikireni liume, mupale ndi supuni, chotsalacho muikepo pepala losalembedwa n'kudutsitsapo simbi yofunda pang'ono. Khonje lokha ndiye losiyana: ngakhale madzi oyera amasiyapo banga, ndiye pamenepo dindani ndi nsalu youma basi, muumitse mwachangu.

Jik asayandikire ubweya wa nkhosa, chifukwa amausungunula. Sopo waufa wochapira zovala nayenso ndi waukali kwa ubweya, amauumitsa gwa. Kapeti ya ubweya sifunika kuchapidwa kawirikawiri ngati mukuikuntha bwino. Ikafunika, sankhani tsiku lotentha la mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe. Yalani pakhonde loyera, gwiritsani madzi ozizira ndi sopo wofewa, tsukuluzani mpaka thovu lithe, ndipo finyani madzi ndi thabwa losalala motsata ubweya. Musaipotokole, musaipachike ikadali yolemera ndi madzi, chifukwa imatamuka n'kukhota. Iume ili chigonere pa zinthu zoikweza pang'ono, mukuitembenuza. Popeza madzi ndi ovuta m'madera ambiri, yambani mwatunga okwanira kutsukuluza, chifukwa sopo wotsalira amakoka litsiro kuposa poyamba. Mphasa ndi mkeka siziviikidwa. Zipukuteni ndi nsalu yonyowa pang'ono, muziyanike.

Tizilombo timakonda malo amdima osagwedezeka. Njenjete zimaikira mazira pansi pa sofa ndi pansi pa bedi, ndipo mphutsi zake ndi zimene zimadya ubweya mpaka kusiya dazi. Chiswe chimatulukira m'ming'alu ya simenti n'kudya mkeka kuchokera kunsi, inu osadziwa. Matani ming'aluyo ndi simenti, ndipo kamodzi pa mwezi sunthani mipando muone. Kapeti yogula kwa munthu wina kapena pa kaunjika isalowe m'nyumba tsiku lomwelo, chifukwa ikhoza kubwera ndi nsikidzi ndi nthata. Ikuntheni, ndipo ngati ndi yaing'ono itsekereni m'thumba lakuda la pulasitiki padzuwa lamphamvu tsiku lonse, mukulitembenuza. Tizilomboti ndi mazira ake timafa kutentha kukapitirira madigiri 50 mpaka mkati, choncho musaikulunge mothinana, ndipo bwerezani tsiku lachiwiri. Timipira toyera tothamangitsira njenjete tija ndi poizoni kwa mwana akatimeza, ndipo m'nyumba ya ana okwawa ine sinditilimbikitsa.

M'nyengo yachisanu ambiri timalowetsa mbaula m'nyumba. Nthetheya imodzi ndi yokwanira kuyatsa mkeka wouma, ndipo kapeti ya pulasitiki imasungunuka n'kumatirira pakhungu la mwana. Mbaula ikhale pasimenti yopanda kanthu, patali ndi choyala chilichonse, windo lili lotsekula, ndipo izitulutsidwa panja anthu asanagone, chifukwa mpweya wa makala umapha m'tulo.

Chisanu chikatha n'kufuna kusunga kapeti, ikuntheni ndi kuiumitsa kaye. Ikulungeni ngati mphasa, osaipinda, pakuti popindapo ulusi umathyoka. Ikuteni ndi nsalu yakale ya thonje m'malo mwa pulasitiki imene imasunga chinyezi, ndipo muiike pamwamba pa kabati, osati pansi kapena potsamira khoma lakunja. M'kati mwa dzinja itulutseni kamodzi tsiku la dzuwa, muifunyulule. Mukaona m'mphepete mwayamba kumasuka, musadule ulusi wolendewerawo ndipo musaukoke. Tengani singano yaikulu yosokera matumba ndi ulusi wolimba, musokerere mozunguliza m'mphepetemo tsiku lomwelo, kapena mupite nayo kwa amayi oluka a m'dera lanu bowo likadali laling'ono ngati chala.