Kumuveka Mwana Masiki Moyenera

Mwana wosakwana zaka 2 musamuveke masiki: njira zake zopumira n'zazing'ono, ndipo akabanika sangaivule yekha. Malangizo a mabungwe a WHO ndi UNICEF a mu 2020, pa nthawi ya mliri wa COVID-19, ankati wa zaka 5 kutsika m'munsi asakakamizidwe, wa zaka 6 mpaka 11 avale ngati matenda avuta m'deralo ndipo wamkulu akumuyang'anira, pomwe wa zaka 12 kupita m'tsogolo avale ngati wamkulu.

Chimene chimalakwika kwambiri ndi saizi. Masiki ya wamkulu imasiya mipata m'masaya, ndipo mwana akatsokomola, timalovu timatulukira pomwepo. Zingwe zikatalika, mangani mfundo pafupi ndi nsalu, m'mbali motukukamo mupindire m'kati. Iphimbe mphuno, kamwa ndi chibwano. Magalasi a mwana akamachita nkhungu, pamphuno pali mpata, finyani kawaya ka pamphuno ka masikiyo.

Yosoketsa kwa telala ikhale ya nsalu zitatu zosanjikiza, ya thonje m'kati. Kachitenje kamodzi kopyapyala sikakwanira. Ya kavalavu (kachibowo kotulutsira mpweya) isiyeni, imatulutsa mpweya wosasefa.

Ana amatafuna masiki, ndiye imanyowa msanga, ndipo yonyowa imavuta kupumiramo. Muikireni ziwiri m'chikwama, pamodzi ndi kajumbo kosungira yakuda. Asambe m'manja asanavale, ndipo povula agwire zingwe, osati kutsogolo. Posewera mpira kapena pogona, avule. Yansalu ichapeni tsiku lililonse ndi sopo m'madzi otentha. Ngati mwachapira ozizira, iwiritseni mphindi imodzi, kenako muiyanike iume bwinobwino. Zobwerekana ndi anzake kusukulu, ayi.